Mabungwe a aluso amafikako kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu?

Gitala wa pa Lizulu: Akuluakulu pagulu pano ndili ndi funso, ndipo andiyankhe oti zinthuzi akuzidziwa osati zongomva mu minibasi. Ife oyimba, azisudzo ndi ovina a kuno kwathu bungwe lathu lenileni ndi liti? Pa wayilesi timangomva kuti COSOMA yagawa ndalama, MUM yachita chisankho, zonsezo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, koma kuno munthu akadwala ndi gulu lomwe lino kusonkherana ma K500 pa Mpamba, akatisiya ndi ife tomwe kuthamanga kusaka bokosi. Nde umembala anthu amalipirawo umathandiza chani, kapena tingoiwalako?

Dolo wa ku Golomoti: Iwalako aise. Mabungwe ndi a anthu a m'tauni ovala masuti, ife ndi owomba m'manja basi kkkk

Nangozo wa kwaya: Inu aDolo musayambe kutseka nkhani isanayambe nkomwe, mwanayu wafunsa zanzeru. Nanenso ndikufuna ndimve.

aPhunzitsi opuma, Bembeke: Mwana wanga wa ku Lizulu, wasakaniza zinthu ziwiri ndipo ambiri amasakaniza chonchi. COSOMA si bungwe la maliro kapena la odwala ayi. Linakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la umwini wa luso la mu 1989, lomwe analikonzanso mu 2016. Ntchito yake ndi kutolera ndalama kwa anthu amene akudyera luso la eni ake, mawayilesi, ma TV, mabala, mahotela, ngakhale masukulu ofotokopa mabuku, kenako nkugawira eni luso aja. Palinso msonkho umene umadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu zikamalowa m'dziko muno, mafoni ndi ma flash omwewa, chifukwa aliyense akudziwa kuti anthu amakoperamo nyimbo mwaulere. Ndalama imeneyo imakafika kwa aluso kudzera ku COSOMA komweko. Koma sangakugawire ngati sakukudziwa, uyenera ukhale membala ndipo nyimbo iliyonse uyilembetse payokha, kunena kuti anapeka ndani, mawu ndi a ndani, anayimba ndani. Tsono MUM ndi ina, ilo ndi bungwe la oyimba eni ake, kale linkatchedwa MAM lisanasanduke yuniyoni, ndipo ntchito yake ndi kukulankhulirani. Azisudzo awo ndi NTAM, a mafilimu FAMA, alakatuli PAM, alembi MAWU. Mutu wa nkhani ndi woti palibe mwa onsewa amene adzabwere pakhomo pako kudzakufunsa ngati wadya.

Gitala wa pa Lizulu: Zikomo madala, apa ndiye mwanditsegula. Ine ndimaona ngati nyimbo ikangolira pa wayilesi ndiye kuti dzina lalowa lokha m'buku mwawo.

aPhunzitsi opuma, Bembeke: Sililowa lokha. Wayilesi imayenera kutumiza ndandanda wa nyimbo zomwe yaulutsa, iwo amafananiza ndi zomwe zili m'kaundula mwawo. Ngati yako mulibe, kapena DJ analemba dzina lako lachibwana lija pomwe iwe unalembetsa la pa chiphaso cha unzika osatchula linalo, ndalamayo ikusowa mwini.

Pulodyusa wa pa Dedza boma: Pamenepa ndiikepo mlomo chifukwa zimenezi ndimaziona mu situdiyo tsiku ndi tsiku. Anyamata amabwera anayi, wina wabweretsa kolasi, wina vesi, ine ndapanga biti, wina wangoyimba kumbuyo, nyimbo yatha aliyense wasangalala agula Fanta basi kubalalika. Palibe amalemba kanthu. Ikangophulika nde mumve, uyu akuti ndi yanga, uyo akuti popanda kolasi yanga sikanapita patali, mpaka kumakanenezana pa Facebook anthu oti anakulira mudzi umodzi. Pano ine munthu asanatenge nyimbo yake ndimamupatsa pepala, mayina onse, gawo la aliyense, asayine, ndijambule pa foni nditumizire onse. Ena amakwiya amati ndikudzimva, koma pepala lomwelo ndi limene akalitenge polembetsa. Ndipo oyimba zida inu, a gitala ndi a kiyibodi, muzifunsa poyamba kuti ndalama mukulandirayo ndi yothera pompo kapena muli ndi gawo m'nyimbomo, osamangoti bola ndapeza ya sopo.

Dolo wa ku Golomoti: Zonsezo ndamva, koma tandiuzani munthu mmodzi yekha wa kuno amene anamanga nyumba ndi ndalama zimenezo. Amene amalandira zambiri ndi omwe aja nyimbo zawo zimalira pa MBC ndi pa Zodiak m'mawa ndi madzulo, ife zathu zimalira pa ukwati, pa chinkhoswe ndi m'mabala a pa Mtakataka, amalemba ndani kumeneko?

Mlakatuli wa ku Linthipe: Apa aDolo mwanena zoona, sindikutsutsani. Kugawa kotengera zomwe zaulutsidwa kumakomera amene ali kale pamwamba, ndipo wa kumudzi amene nyimbo yake ikuvinidwa m'maukwati onse a kwa Kachindamoto atha osaoneka paliponse. Koma funso nkumati kodi zimenezi akazinene ndani? Mabungwewa amakhala ndi misonkhano yaikulu, amasankha atsogoleri, ndipo amavota ndi mamembala olipira. Ife sitipitako, sitilipira, kenako tikudabwa kuti bwanji mu komiti mulibe wa ku Ntcheu. A ku Ndirande ndi a ku Kawale akapita makumi atatu ife ziro, mukuganiza kuti akakamba za transipoti yochokera ku Tsangano?

Dolo wa ku Golomoti: Transipoti yopitira kumsonkhanoko ndi imene ndilibe achimwene, vuto langa layambira pomwepo.

Wazisudzo wa pa Dedza boma: Inu oyimba mukudandaula koma muli bwino, nyimbo imatha kulira inu mutagona. Ife sewero timachita kamodzi, anthu aseka, lapita. Masiku a Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata, masiku a Kwathu ndi Izeki ndi Jakobo, anthu ankalipira pakhomo holo nkudzaza, French Cultural Centre ku Blantyre inali ngati tchalitchi Lamulungu masana. Pano ngakhale malo amene aja, omwe akutchedwa Blantyre Cultural Centre, anakhala zaka ali owonongeka boma litawagula, nde kuli bwanji kuno komwe holo yake timalimbirana ndi maukwati ndi misonkhano ya chipani. Chimene chatsala kwa ife ndi mabungwe a zachitukuko, akafuna uthenga wa kolera kapena wa maukwati a ana amatiitana. Bungwe lina, sinditchula dzina, linatitenga anthu asanu ndi atatu kupita kumudzi kuseri kwa phiri uko, sewero tinalemba tokha, maprakatisi sabata yonse, zovala zathu, tsikulo anthu anadzaza bwalo mafumu anayamikira, pamapeto tinalandira Fanta ndi banzi ndi mawu oti alawansi ikubwera ikasainidwa ku ofesi. Mpaka lero ikusainidwabe. Chonsecho iwo zithunzi zathu anaika mu lipoti lawo, ndinaziona ndi maso angawa.

Nangozo wa kwaya: Mayo ine. Munalemberana chilichonse?

Wazisudzo wa pa Dedza boma: Tinangogwirizana pa foni mayi, munthu wake anali waulemu kwambiri.

Nangozo wa kwaya: Aulemuwo ndi amene amatipweteka achimwene. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Theka patsogolo, theka mukatsika pa siteji, akakana asake ena.

Wazisudzo wa pa Dedza boma: Amasakadi ena mayi, vuto ndi limenelo. Ine ndikakana, gulu la anyamata a pa Lobi kapena pa Chimbiya livomera pa theka la mtengo wanga chifukwa nawonso ali ndi njala. Ndiye ine ndikaganiza za bungwe sindiganiza za ofesi ya ku Lilongwe, ndimaganiza zoti magulu onse a zisudzo a m'boma lino tigwirizane mtengo woyambira umodzi, woti aliyense akaimbidwa foni atchule womwewo. Popanda zimenezo tizingogwetsana.

aPhunzitsi opuma, Bembeke: Ndipo muwonjezerepo kuti sewero lolembedwa nalonso ndi luso lotetezedwa ndi lamulo, chimodzimodzi nyimbo. Muzilemba pa pepala, dzina ndi deti, musamangosunga m'mutu. Ine ndakhala ndikuphunzitsa ana zisudzo za mipikisano ya ATEM ya masukulu a sekondale, ana aluso zedi, koma akangomaliza Fomu 4 palibe kolowera, luso lija limathera pa msika kugulitsa kachewere. Sindikunyoza kachewere, ndi amene anandiphunzitsira ana anga.

Ngoma ya kwa Gomani: Wawa akuluakulu. Ine ndakhala chete ndikuwerenga ndipo ndikuona kuti ife ovina zachikhalidwe simunatitchule nkomwe, ngati kuti si aluso. Ife ndi amene timaitanidwa kukabwera nduna, kukatsegulidwa mlatho, kukabwera azungu, timafika m'mamawa titavala zibiya ndi nyoni, chishango m'manja, kudikira padzuwa mpaka bwana afike 2 koloko, kuvina mphindi khumi, basi mutipatse mpata alankhule a DC. Pa Umhlangano ku Nkolimbo sitidandaula, pamenepo timavinira mfumu yathu Inkosi ya Makhosi Gomani ndi makolo athu, si ganyu. Koma izi zinazi ndi ntchito, zikopa zija zimagulidwa, mikanda ya amayi imagulidwa, munthu wasiya kumunda tsiku lonse. Chinanso chimandiwawa ndi makamera, aliyense amatijambula, mawa ukuona nkhope yako pa kanema wa malonda kapena mu vidiyo ya woyimba wa m'tauni, iwe osadziwa kanthu. Pamenepo lamulo likuti chani aPhunzitsi?

aPhunzitsi opuma, Bembeke: Wawa aNgoni. Lamulo lomwe lija limati magule, nthano ndi nyimbo za makolo umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo sumatha, pomwe nyimbo yopeka munthu imatetezedwa moyo wake wonse ndi zaka 50 iye atamwalira. Ndiye wofuna kupanga malonda ndi ngoma kapena msindo amayenera kupempha chilolezo. Inuyo simungati ngoma ndi yanga, koma kavinidwe kanu ka tsiku limenelo ndi kanu, wovina ali ndi ufulu wokana kujambulidwa ndi cholinga cha malonda popanda kugwirizana. Chovuta nchakuti mukavomera pakamwa kamera ili kale pamaso, umboni mulibe.

Dolo wa ku Golomoti: Nanga gule wamkulu akalembetsa dzina liti? Chilombo chochoka ku dambwe chili ndi chiphaso cha unzika? kkkkk

Ngoma ya kwa Gomani: aDolo samalani pakamwa, za eni mzinda sitisewera nazo.

Adimini: aDolo pang'onopang'ono, pagulu pano pali a miyambo yonse.

Mlakatuli wa ku Linthipe: Ngakhale wafunsa moseka, funsolo lili ndi nzeru mkati. Gule wamkulu a UNESCO anamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, chithunzi chake chili paliponse pofuna kukopa alendo, koma amene amasunga mwambowo kumudzi sangaime pagulu nkunena kuti ndine, mwambo sulola. Ndiye wolankhulira ayenera kukhala mfumu mwini mzinda, ndipo ndalama zikabwera zizidzera kumeneko. Onani ku Mua, malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni anayamba mu 1976 ndi bambo Claude Boucher, osema ndi ovina a kumeneko alendo amawapeza pamalo amodzi, pali dongosolo, mlendo amadziwa kuti kuonera gule nkolipira. Sikuti ku Mua kuli luso loposa la ku Kasumbu kapena kwa Njolomole ayi, kusiyana kwake ndi dongosolo lomwelo.

Nangozo wa kwaya: Ine ndibwerere ku za makwaya chifukwa kumeneko kuli chisokonezo chimene anthu amaopa kuchikamba poti ndi za Mulungu. Nyimbo amapeka mayi mmodzi, mwina akutsuka mbale kunyumba kwake, amabwera nayo ku prakatisi tonse tiphunzira, tisonkha ndalama tijambula, pa chimbale palembedwa dzina la kwaya basi. Zaka zikapita mayi uja wasamuka kapena wasemphana ndi a komiti, nyimbo ija ikuyimbidwabe mpaka makwaya ena aijambulanso, iye dzina lake palibe paliponse. Ukafunsa amati mwayamba kukonda ndalama pa ntchito ya Ambuye. Koma wa situdiyo analipidwa, wa minibasi analipidwa, wosoka yunifomu analipidwa, wosalipidwa ndi mwini nyimbo yekha. Kwathu tinagwirizana kuti wopeka azilembedwa dzina, akafuna kupereka gawo lake ku kwaya apereke yekha ndi mtima wake. Chachiwiri, ndipo abambo mumve bwino, atsikana oyimba akuvutika ndi mapulomota ndi ma DJ ena, kuti uyimbe pa shoo kapena nyimbo yako ilire akuti tikumane kaye madzulo. Mwana wa eni ake akadandaule kuti? Ngati tipange gulu kuno, mukhale amayi awiri oti mtsikana atha kuwaimbira foni osachita manyazi, apo ayi ine musandiwerengere.

DJ wa pa Kampepuza: Mayi mwanena zoona ndipo amene amachita zimenezo amatinyozetsa tonse. Koma ndiyankheko mbali ya ife oika nyimbo, chifukwa pagulu pano timaoneka ngati akuba. Oyimba omwewa ndi amene amabwera okha ndi flash kudzandipempha kuti aise iponye pa ukwati Loweruka, ena mpaka kundigulira yuniti. Ndikaiponya anthu akaikonda ayamba kuitanidwa ku mashoo. Nde mawa ndikumva kuti ma DJ akudyera thukuta lathu, tiziti chani? Laisensi ya malo oimbirapo nyimbo ndi nkhani ya mwini bala kapena mwini holo, ambiri kuno sadziwa nkomwe kuti iliko.

Pulodyusa wa pa Dedza boma: Palibe akukutcha wakuba man, kuponya nyimbo ndi kwina, kudzaza memole khadi ya munthu ndi nyimbo mazana pa K500 ndi kwinanso. Kale kaseti inali ndi sitika ya COSOMA, woyimba amadziwa kuti makope angapo apita kwa OG Issa wogulitsa makaseti uja ndipo ndalama yake ndi iyi. Pano nyimbo imayenda pa WhatsApp isanatuluke nkomwe.

Gitala wa pa Lizulu: Nde ngati zimbale zinafa, zisudzo za pakhomo zinafa, chatsala nchani? Mu 2020 korona itabwera misonkhano italetsedwa ine ndinagulitsa ampu, mpaka pano ndimabwereka. Nthawi imene ija ndi imene ndinaona kuti tilibe pogwira.

aPhunzitsi opuma, Bembeke: Pogwira palipo koma ndi pofunika mapepala. Lamulo la 2016 linakhazikitsanso thumba lotchedwa Copyright Fund, amalengeza kuti aluso atumize mapulani a ntchito zawo ndipo osankhidwa amapatsidwa ndalama zogwirira ntchitoyo. Kalelo dziko la Norway linkathandizanso mabungwe a aluso kudzera ku COSOMA. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads yophunzitsa achinyamata zoyimba. Ndondomeko ya boma ya zachikhalidwe inavomerezedwa mu 2015, ndipo nkhani ya khonsolo yoyang'anira zaluso, ija amati NAHEC, aluso anakhala akuilirira zaka zambirimbiri. Koma konseko akafuna kuthandiza gulu amafunsa zomwezomwezo, muli ndi malamulo oyendetsera gulu? Muli ndi akaunti ku banki? Komiti ndi ndani? Bajeti ili kuti? Ife timafika ndi luso lokhalokha m'manja muli mbee, ndiye amapatsa amene amadziwa kulemba ngakhale kuvina sakutha.

Dolo wa ku Golomoti: Mwaona, ndi zomwe ndimanena zija, zimapita kwa odziwa chizungu.

Mlakatuli wa ku Linthipe: Nde chizungucho tili nacho pagulu pompano aDolo, aPhunzitsi ndi awa, ine ndilipo, pali ana a ku koleji angapo amangowerenga osayankha. Maganizo anga ndi awa, tisadikire kuti a ku likulu adzatipeze. Tipange gulu limodzi la aluso a Dedza ndi Ntcheu, oyimba, azisudzo, ovina, alakatuli pamodzi chifukwa patokhapatokha ndife ochepa. Tizisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi ngati banki mkhonde, thumba lina la matenda ndi maliro lina lobwereketsa pogula zingwe za gitala kapena zikopa. Tisankhe munthu mmodzi wotolera mafomu a onse ofuna kulembetsa nkukapereka ku Lilongwe ulendo umodzi, mmalo moti aliyense awononge transipoti yake. Tikakwana ambiri olipira umembala tikhoza kupempha kuti a MUM kapena a NTAM abwere adzatiyankhe mafunso kuno konkuno, munthu mmodzi sangamubwerere koma anthu makumi asanu awabwerera.

Nangozo wa kwaya: Ndalama isasungidwe pa nambala ya munthu mmodzi chonde, tinaona kale magulu akutha chifukwa msungichuma wati foni inabedwa. Akaunti ya ku banki, osayinira atatu, mmodzi akhale mayi, ndipo lipoti liziponyedwa pagulu pano mwezi uliwonse.

Ngoma ya kwa Gomani: Ife tilowa ngati mafumu adziwitsidwa kaye. Gulu langa silingapite kokavina kapena kukasaina chilichonse a gulupu osadziwa. Komanso osonkha azikhala gulu osati munthu aliyense payekha, ife tilipo oposa makumi awiri ndipo ambiri ndi agogo oti foni alibe.

Wazisudzo wa pa Dedza boma: Pamenepo pavuta pang'ono akulu, gulu la anthu makumi awiri lisonkhe chimodzimodzi ndi wa gitala mmodzi, nanga pa maliro thumba lidzapirira? Tikambirane bwino.

Ngoma ya kwa Gomani: Tikakambirana pamaso, pa foni sitingamvane.

DJ wa pa Kampepuza: Zokuzira mawu za pa msonkhano ndibweretsa ine ulere, bola wina agule mafuta a jenereta ngati magetsi atazima.

Dolo wa ku Golomoti: Ine ndibwera kudzaonerera chabe, koma mukayamba zosankhana maudindo tsiku loyamba lomwelo ndinyamuka.

Adimini: Chabwino, malo ndi pa Lizulu poti ndi pakati, a ku Dedza ndi a ku Ntcheu onse minibasi imodzi pa M1, a kumunsi ku Golomoti ndi Mtakataka mukwere msewu wa Khwekhwerere. Lisakhale tsiku la msika chifukwa theka la gulu lino likhala likugulitsa. aGitala mutipezere kalasi kapena tchalitchi choti tikhalemo, aPhunzitsi mutilembere malamulo a tsamba limodzi m'Chichewa tidzawakonzere limodzi, aPulodyusa mubweretse pepala lanu logawana nyimbo lija tidzafotokope. Amene akubwera alembe dzina ndi dera pansipa pofika Lachisanu.

Gitala wa pa Lizulu: Za malo ndifunsa a hedi mawa m'mawa. Nanga nkhomaliro aliyense yake kapena tisonkhe?

Nangozo wa kwaya: Aliyense yake mwana wanga, thumba lisanayambe nkomwe mwayamba kale kulidya?